Mpata wa Msoko

Msewu wonse unkawadziwa kuti Mayi Sizasi, ndipo dzinalo linawakanirira ngakhale shopu yawo ya utelala itatsekedwa. Anaitseketsa ndi kaunjika. Chiyambire utsikana ntchito yawo inali kudula nsalu: ena asoke, iwo choko kukhutu, tepi m'khosi. Tsopano manja aja ankangokhala pamiyendo ngati alendo.

Anawatola ndi mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, amene anabwera kuchokera kunja ndi chikwama chimodzi ndi makompyuta awiri. Mnyamatayu ankakonza masamba a pa intaneti m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala, mwendo uli gwedegwede pansi pa tebulo. Kujambula tsamba ankakukonda, koma kudula chojambulacho m'tizidutswa toti tiikidwe pa intaneti kunkamutopetsa.

"Alamu, kudula ndi kudula basi," anatero. "Ndikuyesani ndi tsamba la ogulitsa nsapato. Likakanika musandide, ndiitana wina."

Anawatsegulira fayilo. Pagalasi panaoneka nsapato yofiira, dzina la sitolo pamwamba, mabatani m'munsi.

"Zonsezi zili m'maleya."

"M'malaya?"

"Maleya, alamu. Zosanjikiza."

"Ndiye malaya amenewo."

Mlamu anadina kachizindikiro ka diso, nsapato n'kuzimiririka, chithunzithunzi chake n'kutsala chokha pansi. Mayi Sizasi anagwira pakamwa. Chibadwire anali asanaonepo chinthu chikuchoka n'kusiya chithunzithunzi. Analanda mausi, nayamba kuchivula chojambulacho ngati munthu: jekete, diresi, pitikoti, mpaka kunatsala timabokosi totuwa ndi toyera. Mlamu anati timeneti timatanthauza kuti palibe kanthu. Kani kuno ngakhale "palibe" amaoneka ndi maso.

Anadula m'mawa wonse, lilime lili panja pang'ono ngati kale. Mizere yowatsogolera inali ngati ya choko, ndipo anachita zomwe telala wowaphunzitsa anawakhomerera ndi rula pazala: wodula pa choko penipeni wapha nsalu. Chidutswa chilichonse anachisiyira kampata kumbali.

Masana mlamu anasanja zidutswazo, natsegula tsamba. Anayamba ndi kutsokomola, kenako anagwira m'mimba ndi kuseka. Nsapato ija inali itatalika ngati bwato, ndipo pamwamba panalembedwa kuti Nsapapato Zamamakono.

"Alamu, tsamba lanu lachita chibwibwi. Nsapatoyi ndiye saizi ya achimwene, ndiwagulira."

Iwo sanaseke. "Ndasiya mpata wa msoko. Nanga mukanasoka pati?"

"Kuno kulibe wosoka. Zidutswa zimangogundana phewa ndi phewa, ulusi sudya kanthu."

Mlamu kuseka kunali kutamuthera. Eni sitolo anali kubwera madzulo, ndipo foni inali kale m'manja mwake, chala chikufunafuna nambala ya wina uja.

Mayi Sizasi anaona ngati sizasi yalowa molakwika m'nsalu ya eni.

"Nsalu ina ilipo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ina ya chiyani? Si iyo."

Anayang'ana. Fayilo inali chikhalire, nsapato yathunthu, chithunzithunzi chili m'malo mwake. Anaidula m'mawa wonse koma sinachepe ndi kaulusi komwe. Anakumbukira mmene ankagwirira mpweya asanatseke sizasi, poti nsalu ikadulidwa sibwerera. Ndipo nayi nsalu yoti uidule, uilakwitse, iyo n'kumangokudikira.

"Ikani foniyo pansi," anatero.

Anakulitsa chithunzi mpaka nsapato inasanduka timadontho ta makona anayi, tofiira mosiyanasiyana, tondondozana ngati ulusi wa nsalu ukauyandikitsa kudiso. Dzanja linkathawirabe kumbali lokha, iwo n'kulibweza. Anadula pamzere penipeni, zala zikudikira rula ija. Sinabwere.

Tsamba litatsegulidwanso, nsapato inaima bwinobwino ndipo dzina linayankhula mosadodoma. Mayi Sizasi anayendetsa chikhadabo pagalasi, kufunafuna polumikizira monga ankachitira pa kolala. Ankadziwa pomwe anadula, komabe sanapapeze.

Mlamu analowetsa foni m'thumba. "Mawa kuli la ogulitsa mipando. Lili ndi malaya ambiri kuposa ili."

"Litsegulenitu ndilione," anatero, akukokera mpando pafupi. "Ndipo mwendowo muusiye, alamu. Mundikhotetsera mzere."