Tiyi Wosapsa wa a Fraser

A Fraser ndi amalume anga, ndipo akalambira m'fakitale ya tiyi kuno ku Thyolo. Ntchito yawo inali yoyanika masamba operedwa ndi kuwalondera mpaka afiire. Ndimawakonda, koma kunena zoona ndi nkhutukumve. Kwa iwo tiyi ndi wofiira basi, monga ankafunira azungu a ku Mangalande.

Koma dziko limasintha. Masiku ano a ku China ndi a ku India nawonso ali ndi mawu pa msika, ndipo akalamula, esiteti imamvera. Ogula ena a ku China anaitanitsa tiyi wobiriwira, amene masamba ake amawawaula ndi nthunzi kuti asafiire n'komwe. Pamsonkhano wofotokoza zimenezi amalume kunalibe, anali ku maliro kwa Changata.

Atabwerako anapeza masamba abwino kwambiri ali pambali, akudikira nthunzi. Anangoti anzawo awaiwala. Mwachifundo anawaperetsa, n'kuwayanika, n'kuwalondera mpaka anafiira bwinobwino. Oda yonse ya ku China inathera pomwepo.

Tinachita mantha, chifukwa nyumba yomwe amakhala ndi akazi awo, azakhali anga a Marita, ndi ya esiteti. Ntchito ikatha, nyumbanso yapita. Azakhaliwo anayamba kale kumanga mapoto m'chitenje.

Ku ofesi, amanijala a Victoria anawafunsa atakwiya: "Bambo Fraser, anakutumani ndani?"

"Palibe, madamu. Kungoti mlendo sapatsidwa zosapsa. Akanakanena kwawoko kuti ku Thyolo kulibe ulemu."

"Eni akewo akufuna zosapsazo."

"Ndiye kuti sanalawepo zakupsa, madamu."

A Victoria anagwira pakamwa kubisa kuseka. Sanawachotse ntchito, koma anawasamutsira kumakina a nthunzi, kuti aziletsa ndi manja awo kufiira komwe analera moyo wawo wonse. Amagwira mosalakwitsa, ngakhale zimawawawa.

Ogula aja atabwera kudzaona fakitale, mkulu wawo analawa tiyi wobiriwira wa amalume, n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Amalume anabwera kunyumba ali ndwii. A Marita anafunsa ngati awachotsa.

"Ayi, mayi, masulani mapotowo. Andiyamikira. Koma munthu wamkulu ngati uja, kuchokera kutali konseko, ine n'kumumwetsa madzi a masamba!"

Madzulo ake amalume sanadye, chifukwa cha manyazi.