Funso la ba Anti pansi pa dipuloma yanga

Mwaswela bwanji nonse.

Ndangochoka ku intavyu ya ntchito ya maakaunti ku Longacres.

Zimayenda bwino mpaka mayi wina mwa ondifunsa anatsegula LinkedIn yanga pa laputopu kuti aone mapepala anga a sukulu. Pansi pa dipuloma panali chithunzi chomwe ba Anti Esnart aika dzulo: ine pa kitchen party ya msuweni wanga Mwaka, phwando lolangiza mkwatibwi, chitenge m'chiuno, ndikugubuduzika pansi pamaso pa alangizi. Analembanso kuti, "Mwana wanga, yako tidzavina liti?"

Mayi uja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndinu uyu?"

Ndinati ndine, ndipo ntchito ndimaigwila ndi mphamvu yomweyo. Anaseka, ati adzandiimbila.

Manje mvelani. Zithunzi za maphwando ikani pa Facebook. Za malilo, matenda ndi za amuna tizikamba pano pa gulu lathu la banja. LinkedIn ndi ofesi, ndipo mu ofesi salowa ndi ng'oma. Achibale onse ndawachotsako lelo, ngakhale ba Dadi.

Ba Anti, ndimakukondani, koma yankho lanu ndi ili: tidzavina ndikalembedwa ntchito.

Kapena ndalakwa, abale?