Njerwa Zanga Zinalibe Pepala

Ntchito yanga ndi njerwa zakale. Munthu akagwetsa khoma ndimapita ndi wilibala, kutola zomwe sizinasweke, kenako ndimakhala pansi ndi kankhwangwa n'kumachotsa simenti yakaleyo imodziimodzi mpaka njerwa iyere. Sukulu ndinalekera giredi 5. Sindichita nazo manyazi.

Inali nthawi ya madola a ku Amerika, ija ukagula buledi chenji amakupatsa maswiti. Mpingo wathu ku Zengeza 4 m'tauni ya Chitungwiza, pafupi ndi Harare, wa ife ana a anthu ochokera ku Malawi, tinkapempherera mu shedi ya malata. Mvula ikagwa abusa sankamveka. Ndiye mpingo wina wa kunja unati utithandiza kumanga holo. Ine ndinaimirira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti khoma la kum'mawa lonse likhala la njerwa zanga, ulere. Amayi anaimba nthungululu. Kwa nthawi yoyamba akulu a mpingo anandigwira chanza ndi manja awiri.

Kenako kunabwera lamulo la azungu a mpingo wa kunjawo. Chilichonse cholowa m'khoma, kaya simenti, kaya chitsulo, kaya njerwa, chikhale ndi pepala lonena kuti pochipanga panatuluka utsi wochuluka bwanji. Amati kaboni. Chopanda pepala sichilowa.

Anatumiza injiniya, mtsikana wa ku Harare, wonyamula kompyuta m'chikwama. Ataona mulu wanga kuseri kwa nyumba anasangalala. Ankanditchula kuti sekuru, ndiko kuti agogo.

"Sekuru, izi ndiye zabwino kuposa zonse. Zinaotchedwa kale, sizifunanso moto."

"Ndiye lembani, tizipita."

Anatsegula kompyuta, n'kusaka, n'kusaka. Munali njerwa za ku Ulaya, munali mabuloko a mayiko omwe sindingawatchule n'komwe. Njerwa yakale ya ku Chitungwiza munalibe. Dziko lonse lili m'kabokosi kameneko, koma chinthu chimene wachigwira m'manja mulibe!

Anati palibe vuto, alemba yekha ndi dzanja, azunguwo akaone ngati angavomere. Koma ayenera kudziwa zinthu zitatu: zinachokera nyumba iti, mtunda wake, ndipo zinanyamulidwa pa chiyani. Anati tidzadzaze fomuyo Loweruka pa msonkhano wa komiti.

Apa m'pomwe panali vuto.

Njerwazo ndinazitenga ku Unit D, dera lina la m'Chitungwiza momwemo. Landilodi wina anagwetsa zipinda ziwiri za kuseri kuti amangepo shopu, n'kundiitana kuti ndichotse zogumukazo. Koma zipindazo sanamange iye. Amene anamanga ndi mayi wina wa mumpingo mwathu momwemo pamodzi ndi malemu amuna awo, pa nthawi imene ankachita lendi pamenepo. Amuna atamwalira, landilodi anawathamangitsa. Ine ndinkadziwa zonsezo. Ndinadziuza kuti ndikapanda kutenga ine atenga wina. Miyezi itatu ndikugogoda njerwa zimenezo, zikhadabo zinathera pomwepo.

Loweruka masana shedi inadzaza. Mayi aja analipo, anakhala pa benchi lachitatu kumbali ya amayi, atavala duku yoyera.

Injiniya anayamba. "Zinanyamulidwa pa chiyani?"

"Pa wilibala."

"Ayi, kuchokera komwe munazitenga."

"Ndati pa wilibala! Mukuona ngati ndili ndi lole ine?"

Anthu anaseka. Mtsikanayo analemba, n'kunena kuti ndiye mafuta palibe, nkhani yabwino kwambiri.

"Zinachokera kuti?"

"Ku Unit D."

"Nyumba iti, sekuru?"

"Nyumba ndi nyumba. Utsi umasintha ndi nambala ya nyumba?"

"Fomu ikufuna choncho. Akufuna atsimikize kuti ndi zakaledi, simunaotche zatsopano n'kuzipaka dothi."

Ine kupaka njerwa dothi? Ndinaonetsa manja anga kuti awaone bwino. Mkulu wa mpingo, yemwe amagwira ntchito ya ukalaliki m'tauni, anati, "Achimwene, musakweze mawu m'nyumba ya Mulungu. Ingoyankhani."

"Ndayankha kale."

"Simunayankhe."

Malata ankangothetheka ndi dzuwa. Ndinayang'ana pansi. Ndikanatha kunama, kutchula nyumba ina iliyonse. Koma ku Chitungwiza khoma siligwa anthu osadziwa.

Mayi aja anaimirira.

"Abusa, ndiyankhe ine, poti abambowa aiwala." Sanakweze mawu. "Mwanawe, lemba. Zinaotchedwa kumudzi wina ku Seke, ndi nkhuni za mtengo wa msasa. Anaotcha ndi amuna anga. Zinabwera pa ngolo ya ng'ombe, maulendo anayi. Ndinatsitsa ndine ndili ndi mimba. Ndinaziona pa mulu wa abambowa tsiku lina ndikupita kumsika, ndinazidziwa, chifukwa chikombole chathu chinali chobenthuka pakona."

Injiniya anali atasiya kulemba.

"Lemba, mwanawe. Si umafuna kudziwa?"

Ine ndinaphulika. Ndinati landilodi ndiye anagwetsa, osati ine. Ndinati zikanathera m'dzenje. Ndinati miyezi itatu ndani anandithandiza, inu a komiti munagwirapo nkhwangwa? Mawu anga ankangobwerera kwa ine ndekha. Mayiwo anandidikira mpaka nditatha.

"Simunabe, bambo, ndikudziwa. Koma mumandipatsa moni Lamlungu lililonse. Mukanangonena."

Ndinatsitsa manja anga.

Abusa anafunsa mayiwo ngati angalole njerwazo zilowe m'khoma la tchalitchi. Anati ayi. Anati akugona pakhonde la mchimwene wawo ndi ana atatu, Mulungu ayambe wadikira. Palibe anatsutsa.

Holo inamangidwa ndi mabuloko a simenti ochokera kufakitale ina yakutali, pa malole ofuka utsi wakuda msewu wonse. Amenewo ndiye anali ndi pepala. Ndinamufunsa injiniya uja ngati anapitadi kufakitaleko kukayeza utsi. Anandiuza chilungamo, anati ayi, palibe anayezapo, nambala ya papepalalo anaitenga m'kompyuta, ndi ya fakitale ya dziko lina. Ndiye pepala lomwe linandivula pamaso pa mpingo wonse, kwa eni malole linangodutsa ndi nambala yobwereka! Ndikaganiza zimenezo ndimafuna kuswa chinthu.

Njerwazo ndinazibweza ndekha. Milungu iwiri ndikukankha wilibala kuchokera ku Zengeza 4 kupita kwa mchimwene wa mayi aja, masana, anthu akuona. Anyamata a makombi, maminibasi a kuno, pa renki pomwe amaimika ankandikuwiza ine mdala, "Mudhara, tchalitchi chasamuka?" Ndinangopitiriza kukankha.

Tsiku lomaliza mayiwo anatuluka, n'kuyang'ana muluwo, n'kutola njerwa imodzi kuitembenuza.

"Mwazikonza bwino," anatero. "Ndiye omanga ndiwapeza kuti?"

Ndinawauza kuti kumanga sindidziwa kwenikweni, khoma langa limapendama. Anati ngakhale lopendama, bola likhale ndi chitseko. Ndinayamba kukumba maziko Lolemba lake, ndikutukwana chamumtima.