Udzu wa m'katoni ya zibangili

M'kamsewu ka kuseri kwa msika, Mayi a Zibangili unkawadziwira ku fungo usanawaone nkhope. Munthu amene sananunkhizepo nyanga ya ng'ombe ikuphikidwa asamanene kuti wavutikapo. Telala woyandikana nawo ankatseka zenera uku akung'ung'udza, koma pofika masana ankabwera yekha kudzapala moto wa m'simbi yake.

M'kachipinda kawo ankagwiramo ntchito awiri, iwo ndi achimwene awo. Achimwenewo ndiwo anali mmisiri. Ankakatenga nyanga kophera ng'ombe, n'kuziphika, kuzidula ndi sowo, kuziwongola zidakali zotentha, kenako n'kukhala pansi ndi tupa mpaka dzuwa kupendeka. Chibangili chochoka m'manja mwawo chinkawala ngati uchi wa m'botolo. Mlongo wawo ankaboola, kumanga tizitsulo ta ndolo, kutunga mikanda ndi kulankhula. Zolankhula za anthu awiri ankalankhula okha, poti achimwenewo mawu ankachita kuumira.

Zaka zimenezo zinali zokoma, tisanamizane. Ogula anali alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Ankalowa akutseka mphuno, n'kutuluka zikwama zili tho, ndipo panalibe wowafunsa kanthu panjira. Mmodzi mwa iwo anali mayi wa sitolo ya zovala kwawoko, amene ankabwera chaka ndi chaka. Chilankhulo sankamvana, koma ankaseka limodzi mpaka misozi.

Ndiye mayi uja anakalamba, maulendo anamukanika. Anatumiza uthenga kuti amutumizire katoni yaikulu, yodzaza shelefu yonse. Chaka chomwecho manja a mmisiri anayamba kunjenjemera. Tupa inkagwa pansi, iwo n'kuitola mwakachetechete ngati palibe waona. Mlongo wawo ankaona, n'kumayang'ana kumbali.

Tsiku lina mmisiri anayankhula yekha osafunsidwa.

"Achemwali, katoni iyi ndi yomaliza. Ikafika kumeneko, ine ndipume."

Kuyambira pamenepo Mayi a Zibangili analibe china chimene ankafuna. Katoniyo ifike, achimwene awo atule ntchito mutu uli m'mwamba.

Koma walira mvula walira matope. Mwana wamkazi wa mayiwo, amene ankagwira ntchito ku ofesi yotumiza katundu kunja, anabwera kudzawakhazika pansi.

"Amayi, izi si zonyamula m'chikwama ayi. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa katundu wolowa. Nyanga zimafunika kalata ya dokotala wa ziweto."

"Ng'ombe zake anthu anadya kalekale. Dokotalayo akazibaya jakisoni pati?"

"Amangofuna umboni woti munaziphika bwino, zilibe matenda. Tizitsulo ta ndoloti musinthenso, timayabwa makutu, kumeneko saloleza. Nthenga ayi. Tinjere tofiirati tili ndi poizoni, tichoke."

"Nanga amavala kapena amadya?"

"Mwana akhoza kumeza, amayi."

Zokhudza ana Mayi a Zibangili sankatsutsa. Anadandaula mpaka telala anatopa kumva, koma anachita zonse. Anapita kwa dokotala wa ziweto atavala za kutchalitchi. Anagula tizitsulo tatsopano. Anamasula mikanda yomwe anali atatunga kale n'kuchotsamo tinjere tofiira tija, tomwe ankatikonda kuposa mikanda yonse ya m'sitolo. Pa chibangili chilichonse anamangirira kapepala konena kuti chapangidwa ndi chiyani ndiponso kuti. Mwana wawo atayendera zonse anawaombera m'manja, iwo n'kunamizira kuti sanamve kukoma.

Tsiku lolongedza mwanayo anali ku ntchito. Mayi a Zibangili analongedza mmene ankalongedzera moyo wawo wonse. Nyanga zikakhudzana zimakalana, choncho iwo ankamweta udzu wofewa wa m'mphepete mwa bwalo la mpira, kuuyanika padenga, n'kumayala pakati pa zibangili ngati akugoneka mazira. Kukulunga m'mapepala ankati ndi ntchito ya anthu osakonda katundu wawo. Za udzu panalibe amene anafunsa, ndipo iwo sanaganize zonena. Udzu ndi katundu ngati? Anamata katoni bwinobwino, mmisiri anaisisita pamwamba, ndipo inapita.

Tsoka silinunkha. Patapita masabata, mwana wawo anafika dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe sankabwera, ndipo anakana mpando.

"Amayi, munaikamo chiyani m'katoni muja?"

"Zomwe unaona."

"Kupatula zimenezo."

"Palibe. Udzu basi."

Mwanayo anagwira kumutu. Anafotokoza kuti oyang'anira katundu padoko la kumeneko anatsegula katoni n'kupeza udzuwo. Udzu wa dziko lina umatha kubweretsa tizilombo ndi njere zokawononga minda yawo. Tsono panali njira ziwiri zokha: aiwotche yonse, kapena aibweze.

"Iih, si angochotsa udzuwo n'kutaya?"

"Satero, amayi. Katoni yonse yakanidwa."

Mayi a Zibangili anatembenuka kuyang'ana achimwene awo. Mmisiri anali atakhala pa benchi, manja atawapanikiza pakati pa mawondo kuti asaoneke kunjenjemera. Mtima unawapweteka mayiwo kuposa tsiku lina lililonse chiyambireni ntchitoyo. Dokotala, tizitsulo, timapepala, zonse anakwanitsa, n'kudzagwa ndi udzu womweta okha.

"Aibweze," anatero. "Ntchito ya achimwene siingapse ngati zinyalala."

Katoni inachedwa pobwera kuposa popita. Pomafika n'kuti mayi wa sitolo uja atasiyira bizinesi yake anthu ena, ndipo anthuwo mafoni sankayankha. Mwana uja anayesa uku ndi uku, osaphula kanthu.

Mmisiri anatsegula katoniyo yekha. Anachotsa chibangili chimodzichimodzi, kuchipenda pazenera, kuchiika pambali. Mlongo wawo anaima pakhomo akudikira mawu owawa, ndipo akanawalandira.

"Achemwali."

"Ee, achimwene."

"Palibe chokalika ngakhale chimodzi. Udzu wanu unagwira ntchito yake."

Pamenepo ndi pamene mayiwo analira, kulira kwenikweni, mpaka telala anabwera akuthamanga ndi sizasi m'manja kuyesa kwagwa maliro.

Madzi akatayika saoleka. M'mawa wina Mayi a Zibangili anatulutsa tebulo panja pa khomo, chinthu chomwe anali asanachitepo, n'kuyalapo zonse pa mtengo woti munthu wa m'kamsewumo angathe. Poyamba anthu ankangodutsa akuseka kuti ndani angavale zotsala za ng'ombe. Kenako mayi wogulitsa tomato anaima, anayesa chimodzi, anawonjezera china, mpaka mkono unadzaza. Mkazi wa telala anamva nsanje n'kudzatenga ndolo. Atsikana a ku saluni anabwera gulu.

Moto wophikira nyanga sunayakenso. Mmisiri ankangokhala pa benchi panja kuwotha dzuwa, maso ali pansi. Tsiku lina mayi wa tomato uja anadutsa atasenza beseni, mkono uli m'mwamba kuligwirira, zibangili zikugundana poyenda. Mmisiri anadzutsa mutu.

"Achemwali, chikulira n'chiyani?"

"Zibangili zanu, achimwene."

"Zimalira chonchi?"

Zaka zonsezo chibangili chilichonse chinkachoka pa tupa n'kulowa m'chikwama cha mlendo, ndipo mmisiriyo anali asanamvepo zibangili zake zili pa mkono wa munthu woyenda. Mmisiri anatchera khutu mpaka mayiyo anakhota pakona.

"Tamuitaneni," anatero chapansipansi. "Mumuuze adutsenso."