Mzee Duarte wa ku Kahawa ndi dzina la mdzukulu

Amuna anga dzina lawo ndi a Vitus Kadammanja, koma mukafika ku Kahawa, kuno ku Nairobi, n'kufunsa dzina limenelo mudzazungulira mpaka nsapato kutha. Funsani kuti, "Mzee Duarte amakhala kuti?" Mzee ndiye kuti madala m'Chiswahili. Ngakhale mayi wogulitsa ndiwo zamasamba za sukuma pageti adzakulozerani. Duarte ameneyo si m'bale wathu ayi. Ndi mzungu wa ku Portugal, wosewera mpira, amene sanapondepo ku Kenya kapena ku Malawi, ndipo sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli bambo wa ku Ntcheu amene amakana chakudya iye akavulala. Ine ndakhala naye m'nyumba mzungu ameneyu ngati mkazi mnzanga, ndipo ndinkapirira. Koma chaka chatha anafuna kulowerera m'banja la mwana wanga Tamanda, banja loti analipeza movutikira. Pamenepo ndiye ndinati ayi, zafika posayenera.

Matendawa anawatengera kuntchito. Tinabwera ku Nairobi Tamanda ali ku pulayimale, abambo atapeza ntchito yoyendetsa galimoto kunyumba ya ansembe ku Lavington. Kumeneko kunali wansembe wokalamba wa ku Portugal, Bambo Ambrozio, amene anagwirapo ntchito ku Angonia, kutsidya kwa malire a kwathu, moti Chichewa ankachithyola bwinobwino. Tsiku lina anawaitana abambo n'kuwaonetsa pa kompyuta kamnyamata kowonda kakuthamanga ndi mpira. "Vitus, uyu ndi Duarte Pinhal, wa m'mudzi mwathu. Ndinamubatiza ndine." Basi, zinathera pomwepo. Lamlungu lililonse Misa ikatha, awiriwo ankakhala pa kompyutapo n'kumakuwa. Wansembeyo atabwerera kwawo n'kukamwalira, anzake anagawana mabuku ake, koma amuna anga anatenga Duarte ngati chuma chamasiye.

Musaganize kuti anali katswiri woti dziko lonse limamudziwa. Ayi ndithu. Ankasewera kumbuyo, cha kumanzere, ntchito yake kutchinga ndi kugwetsa anzake. Amuna a ku Nairobi amasapota matimu a ku England, ndipo munthu amafa ndi timu yake. Abambo a kwathu ayi. "Ine sindisapota timu, ndimasapota munthu," amatero. Ndiye Duarte akasamuka, nafenso tasamuka. Ali ku katimu ka kwawo, m'nyumba munali jezi yobiriwira. Atagulidwa ndi timu yaikulu ya ku Lisbon, kunabwera yofiira, abambo n'kumayenda ngati agulidwa ndi iwo. Kenako anamubwereketsa ku timu ina ya ku France, ya jezi yachikasu, kumene kochi sankamufuna n'komwe. Chaka chonse mnyamatayo anakhalira pa benchi. Mukuganiza kuti abambo analeka kuonera? Ankakhala mpira wonse kudikira kuti kamera idutse pa benchipo. Ikadutsa, amvekere, "Mayi a Tamanda, bwerani mudzaone, wanenepako!"

Ku Turkey ndiye kunali maliro. Duarte atasamukira kumeneko anathyoka bondo, ndipo abambo anapita ku mphakati wathu wa Amalawi n'kupempha kuti tipempherere "mnyamata wathu Duarte amene ali m'chipatala." Amayi anapemphera ndi mtima wonse, ena mpaka misozi. Mawa lake awiri anafika pakhomo ndi shuga ndi buledi, kufunsa kuti wodwalayo ali wodi iti. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo, a Mulungu okha ndiwo akudziwa.

Koma ndisaname, mnyamatayo anali wolimba mtima. Bondo litapola anabwerera, nasewera bwino mpaka anaitanidwa ku timu ya dziko lake, pa msinkhu woti anzake ayamba kuganiza zopuma. Anamulowetsa kumapeto kwa masewero opimana mphamvu. Itamenyedwa kona, iye anadumpha n'kuugunda ndi mutu, mpira uwo mu ukonde! Abambo anatuluka m'nyumba ndi vesiti yokha, kutsika masitepe a fuleti yonse akukuwa "Duarte! Duarte!" mpaka pageti. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Vitus linafera pomwepo. Makondakitala a matatu, omwe ndi maminibasi a kuno, ometa tsitsi, ngakhale ansembe a ku Lavington, onse ndi Mzee Duarte. Anaseweranso kangapo m'timu ya dzikolo, koma nthawi ya chikho chachikulu itakwana anamusiya. Kochi ameneyo anatukwanidwa m'Chichewa, m'Chiswahili ndi m'Chingoni chomwe abambo sachidziwa bwino.

Pomaliza Duarte anabwerera ku katimu kake kobiriwira kaja, nakhala kaputeni, nakweza timuyo kupita mu ligi yaikulu, kenako n'kupachika nsapato. Abambo anafota ngati nkhwani wapadzuwa. Loweruka ankangokhala pa mpando, rimoti m'manja, osadziwa choonera. Ine mumtima ndinati zikomo Ambuye, mkazi mnzanga uja wapita. Ndinafulumira kuthokoza.

Tamanda anakwatiwa ndi Edmond, mphunzitsi, Mkikuyu wa ku Kiambu, amene anakumana naye ku yunivesite konkuno ku Kahawa. Mnyamata waulemu, ndilibe naye chifukwa. Koma mayi ake, a Lenah, poyamba sankafuna kumva za mtengwa wochokera kunja. Mwana wanga anapirira, anaphunzira chilankhulo chawo, anaphunzira kuphika zakudya zawo, mpaka mayiwo anayamba kumutchula kuti mwana wanga. Mwana woyamba, wamwamuna, anamutcha Kamau, dzina la malemu bambo ake a Edmond. Ife tinati zili bwino, eni ake atchula. Wachiwiri atabadwa, wamwamunanso, a Lenah anaimba foni m'Chiswahili chawo chothamanga: "Uyu ndi wa Mzee. Dzina ndi la kwa Mzee. Mubwere Loweruka."

Tsono kwathu akakuuza choncho, ndiye kuti akupatsa ulemu wosankha dzina. Umaganiza, umasankha, umapita ndi kamphatso n'kukatchula. Ife tinamva choncho, tonse awiri. Ndinangoona nkhope ya abambo ikuwala, mtima wanga n'kuti myuu.

"Bambo a Tamanda, musayerekeze."

"Ndanena chiyani ine?"

"Simunanene, koma ndakuonani. Mayina alipo ambirimbiri. Madalitso, Chikondano, Mayeso. Mwana wanga wavutika kuti amulandire pakhomo paja. Mukapita ndi zampira zanuzo, akamuseka mpaka kumanda."

"Chabwino, mayi, tiona."

"Tiona" wa amuna anga ndimamudziwa. Sabata yonse ankangoimba mluzu.

Loweruka tinakwera matatu kupita ku Kiambu. Anatilandira bwino zedi. Mbuzi inali itaphedwa, amayi akuimba, phala lowawasa likuyenda m'makapu, mwana akudutsa m'manja mwa uyu ndi uyu. Tamanda anali atavala diresi yatsopano, akumwetulira ngati ali ndi chinsinsi. Kenako a Lenah ananyamula khandalo n'kulipereka m'manja mwa abambo, anthu onse n'kukhala chete.

Abambo anaimirira, anakhosomola, nayamba kulankhula. Anafotokoza za mnyamata wa m'mudzi wosauka amene anafika ku Lisbon. Za benchi ya ku France. Za bondo la ku Turkey. Ine ndikuwatsina pa mwendo, iwo osamva. Atafika pa chigoli cha mutu chija, anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kajezi kobiriwira, kakang'ono ngati kampango, kolembedwa dzina kumsana. Anakasindikitsa mobisa m'tauni.

"Choncho mwana uyu," anatero monyadira, "ndi Duarte."

Palibe analulutira. Palibe anaseka n'komwe, ndipo kuseka kukanakhala bwino. A Lenah anaika kapu yawo pansi pang'onopang'ono. Tamanda anaimirira, analanda mwana m'manja mwa bambo ake, n'kulowa m'nyumba akulira. Amayi ena anayamba kunong'onezana, maso ali pa ife.

Edmond ndiye anabwera n'kugwada pafupi nafe, thukuta lili kamukamu. "Baba," anatero motsitsa mawu, "kwathu kuno dzina sitisankha. Mwana wamwamuna woyamba ndi bambo a mwamuna. Wachiwiri ndi bambo a mkazi. Mwanayu ndi inuyo. Ndi Vitus chibadwire. Tamanda anafuna kuti mulimve lero, pamaso pa anthu, ndipo timayesa mukudziwa mwambowu."

Zaka zonsezi tili mu Kenya, ife osadziwa! Tinkangodziwa mitengo ya matatu basi.

A Lenah sanatsitse mawu iwo. Anandiyang'ana ine kaye, kenako abambo. "Mzee, tiuzeni pompano anthu ali pano. Munthu akakana kuti mdzukulu atenge dzina lake, ndiye kuti akunena kuti magaziwo si ake. Kodi mwanayu mukumukayikira? Kapena mukukayikira mayi wake?"

Zonse zimene Tamanda anamanga pakhomo paja zinali pa mlomo wa amuna anga.

Abambo anakhala pansi, kajezi kali m'manja. Atayankha, sanayankhe m'Chiswahili ayi, anayankha m'Chichewa, ngati akulankhula okha, Edmond n'kumamasulira zomwe ankatolako.

"Sindikukayikira munthu ine. Koma Vitus ndi ndani? Vitus wachita chiyani? Moyo wonse kuyendetsa galimoto za eni ake, kutsegulira anthu zitseko. Nyumba ya lendi. Kumudzi ngakhale njerwa imodzi sindinaumbe. Ndimafuna mwanayu ayambe ndi dzina la munthu amene anafika penapake."

Abale anga, ndakhala ndi bambo ameneyu zaka zoposa makumi atatu, ndipo sindinkadziwa kuti amadziona chonchi. Ndinkayesa ndi mpira chabe. Chisoni chinandigwira, ndipo ine chisoni chikandigwira ndimakalipa.

"Inu, musandichititse manyazi kawiri tsiku limodzi! Ine ndinakwatiwa ndi Vitus, sindinakwatiwe ndi mzungu wa bondo lothyoka. Fizi ya Tamanda analipira ndi Duarte? Dzukani, kapepeseni mwana wanu!"

Anadzuka. Ine ndinawatsatira, a Lenah pambuyo panga. Tamanda anali kuchipinda, atakhala pa bedi, mwana akulira pamiyendo. Abambo anaima pakhomo, nayamba, "Mwana wanga, pepa, ine sindimadziwa..." Koma iye sanawayang'ane. Ankalankhula ndi khandalo, monga amachitira akazi a kumeneko, amene mwana wotchedwa dzina la bambo awo amamulemekeza ngati bambo awo enieni.

"Tontholani, ababa. Tontholani. Awo ayima pakhomowo sakukudziwani, koma ine ndimakudziwani. Si inu munkandidikira pageti la sukulu mvula ikugwa, jekete mutandisungira ine? Si inu munagulitsa wailesi kuti ndilembe mayeso? Musalire, ababa, yamwani."

Amuna anga, amene sanalire ngakhale pa maliro a mayi awo, anagwira chitseko n'kuyamba kusisima ngati mwana. A Lenah sanamve Chichewacho, koma sanafunse kuti amasulire. Anangondigwira dzanja n'kulifinya.

Patapita kanthawi abambo anapukuta nkhope, natambasula manja. Tamanda anawapatsa mwanayo. Anatuluka naye panja pomwe anthu anali akudikirabe, naima pakati pawo. Nthawi ino panalibe za Lisbon kapena za Turkey. 

"Uyu ndi Vitus," anatero. Analitchula mosamala, ngati dzina la mlendo wolemekezeka amene angokumana naye kumene. "Vitus Kadammanja wa ku Ntcheu ndine, ndipo uyu ndi ine."

A Lenah ndiwo anayamba nthungululu, amayi onse n'kulandira, ine ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. Mwanayo, ndi phokoso lonselo, anawakodzera agogo ake pa jekete, ndipo iwo anakana kumupereka kwa wina aliyense mpaka nthawi yonyamuka.