Tsiku limene tinakwirira makina a mkazi wanga

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. Amuna tinachezera panja pamoto, amayi ali m'nyumba ya siwa kuimba. Ku Zóbuè mwezi wa Juni kumazizira, ndipo ife ozolowera kutentha kwa Moatize tinkadziwika ndi kunjenjemera. Thupi la mkazi wanga tinabwera nalo kwawo dzulo lake. Ananeneratu kuti asadzaikidwe ku Moatize, kumene anaona manda akufukulidwa kuti mgodi udutse.

Pamodzi ndi bokosi tinanyamula zovala zake ndi makina ake. Anali makina aang'ono opukusa ndi dzanja. Umaika kartolina, pepala lolimba lija, pa kachitsulo kosemedwa ngati duwa kapena nkhunda, n'kupukusa, duwalo n'kutuluka lodulidwa bwino. Anawagula ku Tete malasha atayamba kukoka anthu. Ankapanga makadi a ubatizo, a ukwati ndi a Khirisimasi, amene ogwira ntchito kumgodi ankatumiza kwawo. Mwana wathu Lusiya anaphunzira ntchitoyo pambali pa mayi ake, ndipo chiyambire matendawo ndiye ankapukusa. Makinawo ndinabwera nawo ndine, poti katundu wa malemu amayenera kuonekera kwa abale ake.

Kutacha, nkhungu inakuta phiri. Kuseri kwa nyumba amayi anayala mafuwa, nkhuni zonyowa zikufuka utsi woliritsa. Anthu anayamba kufika. Ena anatsika shapa, maminibasi athu aja, kuchokera ku Moatize, ena anapalasa njinga kuchokera ku Kambulatsitsi, ena anadutsa malire a Malawi atasenza ufa. Mayi wina wa kwaya anatsegula buku lake la mapemphero, nandionetsa kadi ya nkhunda yoyera yopangidwa ndi malemu, imene inayamba kale kufiira m'mbali.

Cha m'ma eyiti, mlamu wanga, mchimwene wake wa malemu, anandiitanira pansi pa mtengo wa pichesi. Anati azichemwali awo awiri ayamba kale kulimbirana makinawo.

“Alamu, maliro sanatuluke n'komwe. Ine sindifuna mbumba yanga idane chifukwa cha chitsulo. Chipite ndi mwini wake kumanda.”

Ndinati, “Ndamva, alamu.” Sindinamuone ngati munthu woipa, ndipo mpaka lero sindimuona choncho. Ankafuna mtendere. Komanso ine pamudzipo ndine mkamwini, wobwera. Mkamwini salamula pamaliro a eni ake.

Lusiya anandipeza ndikusamba m'manja. Maso anali otupa.

“Ababa, mukawauze amalume. Amayi anati makinawo ndi anga. Inu munalipo.”

Ndinalipodi. Ndinamuuza kuti adikire, ndilankhula mapemphero akatha, mitima ikazizira. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukhulupirira kuti mawu abwino ali ndi nthawi yake.

Mapemphero anatha, akatekista anatseka buku, koma mlamu wanga anali pakati pa akuluakulu. Ndinati ndimupeza panjira. Tinanyamuka mvula yowaza itayamba, mtanda patsogolo, bokosi pamapewa, njira ili yoterera ndi dothi lofiira. Mayi wina anasenza makinawo atawakulunga m'chitenje cha malemu. Ndinkayenda pambuyo pake, maso anga pa mtolowo. Mlamu wanga anali pafupi, woti n'kumugwira mkono. Ndinati panjira si polankhulira, ndikanena kumanda.

Adzukulu anatsitsa bokosi. Anaikamo mbale ndi kapu yake. Kenako mlamu wanga analandira mtolo uja, napatsira mdzukulu amene anali m'dzenje. Lusiya anandigwira malaya kumbuyo, nakoka kawiri. Ndinatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo kwaya inayamba nyimbo yotsanzika, ndipo pakamwa panga potsegula kale panatuluka nyimboyo. Ndinaimba mpaka kumapeto, dothi likugwa. Dzanja la mwana wanga linachoka pamalaya anga.

Anthu anadya, anatipatsa moni wa m'manja, nayamba kubalalika. A ku Moatize anathamangira shapa. Azichemwali awiri aja ndinawaona akutsuka miphika limodzi, akucheza bwinobwino. Mtendere umene mlamu wanga ankafuna unabweradi.

Madzulo m'nyumba munali zii. Mphasa anali atazipinda, panja moto utasanduka phulusa. Lusiya anakhala pakhonde ndi lumo ndi kartolina yotsala, chifukwa anali atalonjeza makadi a ubatizo wa ana a mumpingo mwathu. Anadula nkhunda, phiko limodzi linatuluka lalifupi. Anadula ina, mutu unaduka. Ndinakhala pansi pambali pake ndi kolona m'manja.

“Ababa, munali pomwepo,” anatero osandiyang'ana.

Ndinafuna kumuuza kuti Mulungu adzatsegula njira ina. Koma mawu ngati amenewo ndinali nditamuuza kale m'mawa. Ndinaika kolona m'thumba, n'kumugwirira pepala kuti lisagwedezeke.