Kakiyibodi Kanga ndi Nyerere

"Kodi amake mwana, n'zoona kuti mwagulitsa nshawa zanu zonse kuti mukagule chilimba?"

Aneba anga anandifunsa choncho tili pamzere ku chigayo. Ndinaseka mpaka mwana kumsana anadzuka.

"Si chilimba cha kutchalitchi, aneba. Ichi n'cha roko."

"Roko ndiye chiyaninso?"

"Mudzamva pa ukwati wa mlamu wanga."

Atate a mwana amaimba gitala, msuweni wawo amamenya ng'oma. Nyimbo zawo ndi zaphokoso zija zimene akuluakulu ankamvera pa kaseti kale, gitala ikulira mokalipa ngati yapsa mtima. Ine ndinkangowapatsa madzi akumwa akamayeserera, ngakhale kuti zala zanga zinkadziwa pang'ono makiyi. Ndinaphunzirira ku kwaya, pa kiyibodi ya mpingo imene siiloledwa kutuluka pakhomo la tchalitchi. Tsono mlamu wanga, mlongo wawo wa atate a mwana, atatsala pang'ono kukwatiwa anati akufuna gulu la achimwene ake lidzaimbe. "Inunso alamu mukhalemo," anatero. Maukwati onse a ku Chinyunyu kuno ine ndinkawaonera kuseri kwa nyumba, pa miphika, utsi uli m'maso. Ulendo uno ndinafuna kuima kutsogolo. Koma popanda choimbira, malo anga anali ku miphika komweko.

Tinakwera minibasi ya ku Lusaka atatu, ine, mwana ndi atate ake. Pafupi ndi msika tinapeza kasitolo ka zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito, mawailesi ndi masipika atasanjikizana mpaka kudenga. Wogulitsa anatulutsa chikiyibodi chachitali ngati chitseko. Anadina batani limodzi, icho n'kuyamba kudziimbira chokha, ng'oma, malipenga, zonse. Atate a mwana anangoti kukamwa yasa.

"Iyi ndiye yanu, ba mami," anatero wogulitsayo. "Manje mungokhala pansi, iyo igwira ntchito."

"Imadya moto wanji?" ndinafunsa.

"Wa kukhoma."

"Khoma lathu ndi la dothi, achimwene. Mulibe moto."

Kwathu kuli kasola kamodzi ndi batire imene imakomoka wailesi ikangokweza mawu. Ndinaganizanso za kondakitala, kuti chinthu chachitali chonchi adzati chilipire mpando wakewake. Komanso ngati chikudziimbira chokha, ine ndidzaimirira kutsogolo kudzatani? Kudzachigwirira ambulera?

Pansi pa tebulo ndinaona kena kakafupi, kafumbi, kokhala ndi timagudumu topotokola ngati ta wailesi.

"Ako ni kasinthesaiza," anatero. "Sikakuyenerani. Kalibe ng'oma, kalibe mawu a kutchalitchi. Kamangolira zachilendo."

"Kayatseni."

Ndinagunda kiyi imodzi ya kumanzere n'kupotokola kagudumu. Mayo ine! Kanayamba ngati njuchi zotsekeredwa mu mtsuko, kenaka kanabangula ngati lole yotsika pa phiri la Manenekera itadzaza katundu. Mwana kumsana anaseka n'kuyamba kundimenya timapazi m'nthiti. Ndinapotokola kena, kanalira ngati mwana wa mbuzi. Atate a mwana anasiya chichitseko chija n'kubwera.

"Bwerezani ija ya lole," anatero chonong'ona.

Kankadya mabatire a tochi. Ndinagunda kiyi iliyonse payokhapayokha, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, monga ndimachitira posankha mazira, wogulitsa akuyasamula. Zonse zinalira. Ndinavula chitenje chapamwamba, n'kukakulunga, n'kukaika pamutu. Kanakhala bwinobwino ngati mtolo wa nkhuni zochepa.

"Ba mami, imwe ndimwe oyamba kuyesa kiyibodi pamutu."

"Nanga kwathu idzayenda pa chiyani?"

M'minibasi ndinakafungatira pamiyendo, mwana ali kwa atate ake. Njira yonse ndinkangomwetulira ndekha ngati wamisala.

Masabata otsatira nkhuku zinasamuka pakhomo pathu. Tinkayeserera pansi pa mtengo wa mango tikachoka ku dimba, ine mwana ali kumsana, ndipo ankagona tulo tabwino lole ikamabangula. Ana a sukulu ankaima pamsewu. Amayi ena odzagulitsa tomato anafunsa ngati tagula jenereta. Tinakonza nyimbo zingapo, ndipo ina inali yangayanga, yolowera mkwatibwi, yoyenda pang'onopang'ono pa makiyi ang'ono mawu a kumanja.

Lachinayi la sabata ya ukwati ndinapita ndi mwana ku sikelo. Sindinadziwe kuti m'mawa wa tsikulo mwanayo anali atapaka phala la shuga pa makiyi. Apongozi anga, amene anabwera kudzathandiza za ukwati, polowa m'nyumba anapeza nyerere zili ndandanda, kulowa ndi kutuluka m'kakiyibodi. Iwo anachita zimene mayi aliyense wa kuno amachita nyemba zikagwidwa ndi anankafumbwe. Anayala mphasa pakati pa bwalo, n'kukayanika. Dzuwa lake la Okutobala, lija loti ngakhale galu safuna kuponda pansi.

Ndinabwera masana ndithu. Ndinakaona kali gone pamphasa, pambali pa chimanga.

"Zathawa zonse, mwanawe," anatero apongozi, nkhope ili ngwee. "Ndakatembenuzanso kuti kaume mbali zonse."

Apongozi sakalipiridwa. Ndinagwada, n'kuomba m'manja. "Zikomo amayi, mwagwira ntchito." Ndinakanyamula ndi chitenje chifukwa kankaotcha ngati chiwaya, n'kuthamangira kuseri kwa nkhokwe. Makiyi a kumanja anali atapindika, ena atadzuka m'mwamba ngati masamba ouma a fodya. Ndinafuna kulira, koma chimene chinatuluka ndi chiphwete. Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe.

Atate a mwana atandipeza anagwira kumutu. "Basi, mudzaimba pa ukwati wina."

"Dikirani kazizire kaye."

Katazizira ndinaikamo mabatire, n'kugunda kumanzere. Lole inabangula! Ndinavina ndekha kuseri kwa nkhokweko. Lachisanu lonse tinasamutsira nyimbo ku makiyi otsala, zonse zinatsika mawu n'kukhala zaukali kuposa kale. Yolowera mkwatibwi yokha ndiyo inakana kusamuka. Kumunsi inkamveka ngati ya maliro.

Loweruka ndinaima kutsogolo, chitenje chatsopano, mwana ali m'manja mwa agogo ake. Mkwatibwi analowa ndi nyimbo ya lole, ndipo sanayende pang'onopang'ono ayi, analowa akudumpha. Amayi a ku miphika anatuluka ndi mithiko m'manja, fumbi linakwera mpaka pa keke. Apongozi ankauza aliyense kuti chilimbacho chikulira bwino chonchi chifukwa iwo anachichotsa nyerere.

Zimene zinatayika ndi izi: makiyi asanu ndi awiri a kumanja, kagudumu kamodzi kamene sikapotokokanso, ndi nyimbo imodzi.